Yewo akuphunzira kuyang'ana m'maso

Pa siteji ya basi ku Sheffield, ku Mangalande, amake Yewo, atapanira m'khwapa ndodo ya mwana wawo yosewerera mpira wotchedwa lakrosi, anapeza nesi wachimalawi womudandaulira.

"Achemwali, kochi wa kukoleji akuti mwana wanga wamkazi zigoli amamwetsa, koma akukayika kumutenga m'timu poti amayang'ana pansi akamalankhula."

"Makochi amafuna mtsikana wodzidalira, mayi, wodziyankhira yekha."

"Adziyankhire bwanji ine ndilipo? Mafunso onse a kochiyo ndinayankha ndine. Ulemu ndinachita kuulowetsa ndi mthiko, lero mzungu akuti ndi mantha. Wati amuonanso komaliza Loweruka."

"Ndiye mukutani?"

"Akuyeserera pa ine. Dzulo anandiyang'ana m'maso dwii, n'kunena kuti mbale satsuka."

"Inu munatani?"

"Ndinamuombera m'manja, n'kutsuka ndekha. Amutenge kaye. Mthiko sunapite patali."