Bambo Kadzakumanja Anagwa Atanyamula Madzi

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Walter Kadzakumanja. Anabadwa m'chaka cha 1954 m'mudzi mwa Kampanje, m'boma la Ntcheu.

Sukulu anayambira kwawo komweko. Mu 1965 bambo awo anathawa m'dziko pa nkhani za ndale, ndipo banja linawatsatira ku Zambia, kenako kuno ku London. Anamaliza maphunziro a zamagetsi mu 1977.

Mu 1983 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Effie, namwino wochokera ku Mulanje, nakhazikika ku Ilford. Anatumikira ngati mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zinayi.

Ntchito ankagwira ku khonsolo ina ya kum'mawa kwa London, mu ofesi yokonzekera ngozi zadzidzidzi. Mafuta a galimoto atasowa m'chaka cha 2000, malemu anayamba kuyendera nyumba zitalizitali za m'dera lawo, kulemba mayina a okalamba ndi odwala. Anaona kuti magetsi akazima, zikepe zimaima, mapampu okweza madzi nawonso amaima. Boma litatulutsa ndalama zoti makhonsolo akonzekerere mavuto otere, iwo anapempha majenereta asanu. Anapempha katatu. Kawiri anauzidwa kuti adikire chaka chamawa. Kachitatu sanayankhidwe n'komwe. Mayi Effie akuti kuyambira pamenepo bambo anasiya kudya bwino, ndipo ankangobwereza mawu amodzi: "Anthu aja ali m'mwamba, ndipo sangathe kutsika."

Pa 26 Julaye chaka chino cha 2006, dzuwa likuswa mtengo, chingwe chachikulu cha magetsi chinapsa, dera lonse n'kukhala lopanda magetsi. Malemu anaimba foni uku ndi uku kufuna jenereta yobwereka, koma onse anali atatengedwa kale. M'mawa mwake anavula jekete, nayamba kukweza zigubu za madzi pa masitepe a nyumba ya nsanjika 17. Anzawo anawadandaulira poti ankadwala matenda othamanga magazi. Sanamve. Anakwera maulendo asanu. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi anagwa pa nsanjika ya 11. Mayi Marjorie, nkhalamba yomwe ankaipititsira madziwo, ndiwo anamva chigubu chikugubuduka, nakuwa. Anthu a ambulansi anachita kuwatsitsa pamanja. Anagona m'chipatala masiku anayi osatsegula maso, ndipo anatisiya pa 31 Julaye.

Anamalira inu, nyumba ija mpaka lero ilibe jenereta. Pampando wawo ku ofesi sanaikepo munthu. Nyengo yozizira ikubwera, ndipo sitikudziwa kuti adzakwera masitepewo ndani.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Marvin ndi Daisy, mdzukulu mmodzi, mlongo wawo Mayi Edna, ndiponso mayi awo owabereka, amene ali kunyumba yosamalira okalamba ku Wembley, ndipo akufunsabe chifukwa chimene mwana wawo sanabwere kudzawaona Lamlungu.

Ambuye awalandire, apumule mu mtendere.