Lole Yochira Ikaona Makaniko

Pamzere wolipirira m'sitolo ya zipangizo za galimoto, bambo wina atanyamula mapulagi anatembenukira mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Mayi, lole ndimayendetsayi yandikwana. Ikatentha imatsokomola, kuphulika ku ekizozi, kenako zii. Ikafika kwa makaniko imachira yokha ngati mwana woopa jakisoni."

"Ikazizira imalira?"

"Kamodzi n'kamodzi! Pampu ya mafuta tinasintha, lero ndikuyesa mapulagi. Abwana akuti ndimanama, ndimakhala ndili kwa chibwenzi. Ikazimanso, ntchito yandithera."

"Yanganso inkatero, bambo. Mu injini muli kasensa pafupi ndi chitsulo chozungulira chotchedwa kalankishafuti, kamene kamauza kompyuta ya galimoto nthawi yoponya moto ku mapulagi. Kakatentha kamabalalika mutu."

"Nanga ndikagwira bwanji, poti kugalaja kamakhala kaulemu?"

"Ikazima panjira, kathireni madzi ozizira, kokhako. Ikalira pompo, wakuba wanu ndi ameneyo."

"Madzi basi?"

"Basi. Koma musapite nokha. Abwanawo muwakhazike kutsogolo, mukwere nawo chitunda dzuwa lili paliwombo."

"Iii, ikazima akalusa!"

"Aluse. Botolo la madzilo muwapatse athire okha."

"Mayi, tandisungirani malo, ndikabweze mapulagiwa."