Tsiku Limene Ndinabereka Amayi pa Njinga Yamoto

Abale ndi alongo, sindikutayirani nthawi. Mawu okoma ndilibe, ndipo ambiri muno mukundidziwa. Ndine Yohane wa kabaza, mwana wa a Nasibeko a konkuno ku Magaleta. Ena munakwerapo njinga yanga n'kutsika mukulumbira kuti simudzakweranso. Simunalakwe.

Sukulu ndinasiyira Folomu 3, chaka chimene abambo anamwalira. Anzanga amene ndinkaimba nawo kwaya anapitiriza. Wina pano ndi mphunzitsi, wina amavala zoyera kuchipatala. Ine ndinatsala ndi khasu, kenako njinga yamoto ya eni ake. Amene munkanditonthoza kuti Mulungu ali nane cholinga, ndinkafuna kukulavulirani. Ndikunena zoona.

Kwaya ndinasiya. Tchalitchi ndinasiya. Ndinati ngati Mulungu sandiyankha, inenso sindimuimbira. Ndinkadzuka wotopa, tsiku lonse m'misewu yathu yothyola msanayi, madzulo kachasu. Moyo wake unali umenewo basi.

Amayi anga ndi aja amayambitsa nyimbo m'gulu la amayi. Ali ndi khalidwe limodzi. Akayambitsa nyimbo popanda wovomera, amasiya. Amati nyimbo ya munthu mmodzi ndi kubuula. Pakhomo tinatsala awiri. Iwo akayambitsa uku akutonola chimanga, ine ndinkatuluka, nyimbo n'kufera pakhosi. Ndinkadziwa kuti zikuwapweteka. Ndinkachitira dala.

Dzinja lapitali amayi anadwala malungo. Anabisa, monga amachitira amayi athu, mpaka anagwa m'munda. Pachipatala chaching'ono anamwino anawabaya jakisoni, n'kunena kuti akufunika chipatala chachikulu ku boma tsiku lomwelo. Mvula inali itagwa masiku otsatizana. Ambulansi inali itatitimira m'matope kutali. Panatsala njinga yanga.

Mukudziwa mmene timanyamulira odwala: wodwala pakati, wachibale kumbuyo kumugwirira. Koma ndi matope aja anthu atatu sitikanakwera chitunda. A Naphiri, anzawo a amayi, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuwamangirira kumsana kwanga, mfundo pachifuwa panga.

"Anakubereka ndi awa," anatero. "Lero bweza."

Anamwino anandigwira mkono. "Achimwene, asagone panjira. Muziwalankhulitsa."

"Ndiwalankhulitsa bwanji injini ikulira? Kapena ndili ndi maso kunkhongo?"

"Iwe, pakamwa ngati lumo," anatero a Naphiri. "Mayi akowa safuna macheza. Uziwavomera nyimbo, basi."

"Ine sindiimba."

"Ndiye ukawaimbira kumanda."

Ndinaliza njinga.

Msewu uja sindiufotokoza, mumaudziwa. Tayala lakumbuyo linkavina, ine mapazi pansi, nsapato imodzi inatsala m'matope. Mutu wa amayi unkagunda paphewa langa, thupi lawo likutentha ngati mbaula. Titatsika chigwa choyamba ndinamva kanthu kakunjenjemera kumsana. Anali atayambitsa. Kanali kanyimbo kopeka okha, kamene amaimba akasenza chimanga pachitunda: "Katundu walemera, anditula ndani?" Ovomera amati, "Akutula ndi Yesu."

Ndinakhala chete. Anabwereza. Ndinakhalabe chete. Anabwerezanso, koma mawu anali atachepa. Ndinaona kuti ndikapitiriza kuuma mutu, ku boma ndikafika ndi mtembo kumsana.

Ndinavomera. Osati ndi chikhulupiriro, ayi. Ndinavomera mokwiya, ngati munthu wotukwana.

"Wathamangitsa," anatero m'khutu langa. "Nyimbo si njinga."

Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma akukonzabe kwaya. Ndinachepetsa liwiro la nyimbo. Tinapita choncho, iwo kuyambitsa, ine kuvomera. Bola mawu akubwera, ndinkadziwa kuti ndidakali ndi mayi.

Pamtsinje wina tinapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Ndinazimitsa njinga. Kutsika sindikanatha, poti ndinali womangidwa. Ndinangokhala pampando, kudikira kuti madzi aphwe.

Apo amayi anasiya.

Ndinawaitana, zii. Ndinagwedeza mapewa, mutu wawo unagwera kumbali. Manja amene anandigwira m'chiuno anamasuka. Panalibe munthu pafupi. Foni inalibe netiweki. Pemphero ndinali nditaiwala poyambira pake. Ndinatsala ndi kanyimbo kaja basi, ndipo woyambitsa anali atakhala chete.

Ndiye ndinayambitsa ndine. "Katundu walemera, anditula ndani?"

Mawuwo atangotuluka m'kamwa mwanga, ndinamva kuti funsolo si la amayi. Linali langa. Sukulu ija, abambo aja, nsanje imene inkandidya ndikaona anzanga atavala bwino, mowa uja. Ndinalira pamtsinje paja, mamina ndi misozi, munthu wamkulu ndevu zili pepeya. Ndinaimbanso, ndipo ulendo uno ndinkamufunsadi Mulungu. Ndinkafuna yankho.

Linabwera chapansipansi, kumsana kwanga. "Akutula ndi Yesu."

Madzi sanaphwe mozizwitsa. Ndinadikira nthawi yaitali, ine kuyambitsa, iwo kuvomera, mpaka m'mphepete mwa mlatho munayamba kuoneka. Tinafika ku boma dzuwa litapendeka. Mfundo ya a Naphiri inakana kumasuka. Chitenje anachita kudula.

Amayi ndi awo akhala kutsogoloko, avala duku loyera. Anachira, ngakhale mpweya suwakwanira ngati kale.

Musadikire kuti ndinene kuti zonse zili bwino tsopano. Satifiketi ndilibe. Njinga idakali ya eni ake. Msewu ndi womwe uja, ndipo msana umawawa ngati wa nkhalamba. Mtima wapachala sunathe. Sabata yathayi ndinakalipira munthu wosalakwa, ndipo ndinapita kukapepesa mano ali gwa. Kachasu ndinasiya, koma ndikadutsa pamene amatcheza, fungo limandiitanabe ndi dzina. Ndatopa, abale. Ndimatopa tsiku lililonse.

Chasintha ndi ichi. Kale ndikatopa ndinkatukwana, ndipo kutukwana kulibe wokuyankha. Pano ndikatopa panjira ndimaimba. Mawu ndi oipa, mowa unawawononga, koma Yesu sanandibwezepo chifukwa cha mawu. Iye amene ndinamukanira nyimbo zaka zonse zija sanandikanire mayi anga. Ulemerero upite kwa Iye. Ine ndinalibe chomupatsa.

Tsopano inu anzanga a kabaza amene mwaima panjapo pansi pa mtengo, makiyi ali m'manja, mukudikira kuti mapemphero athe mupeze okwera. Ndikukuonani pazenera. Ndikudziwa zimene mumanena za ife tili muno, poti ndinkanena ndine. Sindikukulonjezani ntchito kapena msewu wa tara. Lowani ndi matope anu omwewo. Pabenchi langa malo alipo, ndipo njinga zanu palibe amene aba.

Yesu atamandike. Ameni.