Mbale Imodzi ku Dakar

Pa paraje ya Cassacatiza, pokwerera basi, ndikudikira minibasi ya chapa nditamugwira dzanja mwana wanga, mayi wina anafunsa bambo amene anangokumana naye.

"Mwati munapitako ku Dakar? Mwana wanga Crimilda akukaphunzira kumeneko. Wamanyazi uja akadya?"

"Tinapita alimi a thonje, mayi. Anationetsa nyanja ndi mabwato opakapaka utoto. Kenako panyumba ina anatipatsa mpunga wofiira wa nsomba, tonse mbale imodzi."

"Mayo! Sangatambasule dzanja pamaso pa akuluakulu."

"Inenso ndinkangotola mpunga m'mphepete, ulemu wakwathu. Mayi wa panyumbapo ananyema nsomba n'kukankhira mbali yanga. Ndikamaliza, akankhanso ina."

"Osapempha?"

"Ndikanapempha m'chiyankhulo chanji? Onani lambayu, ndinachita kuboola bowo lina."

"Basi, apite. Koma m'nyanjamo asayerekeze kulowa."