Chaka Chonse Popanda Wovulala

A Dokotala a ku yunivesite, amene tsitsi lawo linathera pa kafukufuku wa kuvulala kwa ana osewera ragibi, anafika pabwalo la sukulu atatchena suti. Anali atauza kale akuluakulu awo kuti timu yotsatira mafizo olimbitsa thupi amene iwo analemba yatha chaka popanda wovulala, ndipo upulofesa umene ankaulota usana ndi usiku unkadalira nkhani yomweyo.

"A Kochi, ndabwera kudzathokoza. Chaka chonse, ngakhale wobinya chala!"

"Ngakhale chikhadabo, bwana," anatero a Kochi monyadira, wezulo ili lende pakhosi.

"Ndiye mwasewera magemu angati?"

"Magemu?"

"Ee, magemu. Ndi matimu ena."

"Aaa, kumeneko sitinafikeko. Tikadali pa mafizo."

A Dokotala anavula magalasi. "Mukuti bwanji?"

"Paja munati mafizo akachuluka, kuvulala kumachepa. Ndiye ine ndinachulukitsa. Ana akafika amawongola khosi, msana, miyendo. Belu likalira, ulendo kunyumba."

"Mafizowo ndi oti azichita asanayambe kusewera!"

"Eya, ndi mmene tikuchitira. Sanayambe."

"Bambo inu! Nanga mpira uli kuti?"

"Uli bwinobwino, ndinaukiyira m'kabati. Munanena nokha kuti ana ambiri amavulala polimbirana mpira."

"Ndinkafotokoza chabe! Sindinati muubise!"

"Komanso simunati ndisaubise, bwana."

"Chabwino. Koma kugwetsana munawaphunzitsa? Mutu kumbali, phewa m'ntchafu?"

"Kwambiri. Pa bolodi. Ena amajambula bwino moti mungagome."

M'maganizo mwawo, a Dokotala ankawaona kale akuluakulu aja akufunsa funso lomwe iwo anafunsa mochedwali. Koma munthu woti wakalambira pa nkhani imodzi savomera wamba.

"Njira yanga ilibe vuto. Vuto ndinu! Katengeni mpirawo, anawa asewere lero lomwe. Ndiyamba ndine kuwaonetsa."

"Mwapanga mafizo, bwana?"

"Mafizo ake ati? Ndinawalemba ndine amenewo!"

"Kulemba munalemba, koma ndimafunsa ngati..."

"Mpira, a Kochi!"

Mpira unabwera uli fumbi lokhalokha. A Dokotala anavula jekete, nkubwerera m'mbuyo ngati nkhosa yofuna kugunda, kenako liwiro. Mwendo unakwera m'mwamba, bondo linalira, mwini wake pansi khu! Mpira unangogubuduka pang'ono nkuima pomwepo.

"Mayo ine, bondo langa! Upulofesa wanga wapita!"

A Kochi ananjuta pambali pawo, akugwedeza mutu mwaulemu waukulu.

"Musalire, bwana, kafukufuku wanu ndi woona ndithu. Chaka chonsechi amene wakhudza mpira osapanga mafizo ndi mmodzi yekha, ndipo taonani mmene wagoneramu."