Feteleza Wanga Anapita ndi Foni ya Malemu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Linali Lachiwiri, teni koloko m'mawa, mvula yoyamba itagwa kale, pamene ndinamva ku kopaletivi yathu kuti feteleza wanga wa boma watengedwa. Mlembi anayang'ana m'buku nati, "Amayi, dzina la aBanda linatenga kale feteleza sabata yatha." ABanda ndi amuna anga, ndipo apo n'kuti atatha miyezi inayi ali m'manda.

Munda ndi wanga, wa kwa amayi anga, kufupi ndi Mkaika. Amuna angawo anabwera pa chikamwini, nabzala malalanje kuseri kwa nyumba. Polemba mayina a alimi, analembetsa dzina lawo ndi nambala ya foni yawo, poti ine kuwerenga kumandivuta. Ndalama yosonkha ku kopaletivi inkachokera m'malalanje amene ndinkasenza kupita nawo kumsika wa Katete, ndipo ya chaka chimenecho tinapereka iwo asanadwale.

Tsiku lometa, abale awo anabwera kudzatenga katundu wa malemu monga mwa mwambo. Ndinayala mphasa, ndinaikapo jekete, nsapato, wailesi, chitupa ndi foni. Ndinaika ndi manja anga, palibe anandikakamiza. Sindinkadziwa kuti uthenga wotengera feteleza umafika pafoni imeneyo. Zonse zinapita ndi alamu anga, mng'ono wa malemu.

Ndinayenda wapansi kukawaona. Anandipatsa mpando nati, "Mlamu, dzina ndi la akulu anga. Inu munalembetsa kuti?" Chitseko chinali chotsegula, matumba ndikuwaona ali mulu m'nyumba.

Ndisaname, ndinasiya kupemphera. Chimanga changa chinamera chachikasu, choonda, pamene cha alamu chinali biriwiri. Ku chigwirizano cha amayi ndinkakhala kumbuyo. Tsiku lina ndili m'munda ndinangoti, "Ambuye, mwatenga mwamuna, tsopano ndi chimanga chomwe?" Silinali pemphero labwino. Ndinalinena ndi mkwiyo, khasu lili m'manja.

Patapita masabata awiri, ngolo ya ng'ombe inaima pakhomo panga masana. Woyendetsa anali aNambewe, mkazi wa alamu aja, munthu amene sitinkasekerana chikwatiwire chake. Anatsitsa matumba awiri, thukuta lili kamukamu.

"Tengani," anatero. "Ine ndinkakuonani pamsewu ndi dengu la malalanje pamutu. Za kunyumba ndikathana nazo ndekha."

M'mawa mwake anandiperekeza kwa alangizi a zaulimi, nakachitira umboni kuti mwini dzina anamwalira ndipo wolima mundawo ndine.

Matumba enawo sanabwere. Alamu sanapepese mpaka lero, ndipo m'tchalitchi amakhala kutsogolo. Feteleza ndinathira mochedwa, ndinangokolola chokwana kuti ana anga atatu asagone ndi njala. Chilonda chikadalipo, sindibisa. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, natuma chithandizo kuchokera m'nyumba yomwe inandilanda.

Amayi anzanga, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atuluke owawa. Ndipo amuna akadali moyo, funsani kuti m'buku muli dzina la yani.

Tsopano m'buku muli dzina langa. Ndinagula kafoni kanga ndi malalanje, ndipo uthenga ukafika ndimapita nako kwa aNambewe kuti andiwerengere.