Wometa ndi Zomera za M'thanki ya Nsomba

Wometa wina anali ndi matenda amodzi: akaona chinthu chatalika kuposa chinzake, zala zimamuyabwa. Mkazi wake popita kumaphunziro a miyezi iwiri anamusiyira thanki yagalasi ya nsomba, yodzaza zomera zobiriwira zomwe anazilera zaka zitatu, n'kumuchenjeza kuti akadzapeza zawonongeka, bambo azikagona kushopu pampando wometera. Tsiku lobwerera mayiwo, kunyumbako kunatulukira mlamu wake, wogulitsa mankhwala, munthu amene ngakhale sopo sasambira asanawerenge malangizo.

"Alamu," anatero wamankhwalayo, mphuno ili pagalasi, "zomera zija zili kuti?"

"Si izo pansipo? Ndazilinganiza bwinobwino."

"Ndikuona tizitsa. Totalika theka la chala changa chaching'ono."

"Eya, ndiye kuoneka bwinoko. Mumafuna nsomba zizikhala m'thengo?"

"Mumadulira kangati?"

"Kamodzi basi."

"Pa mwezi?"

"M'mawa. Madzulo ndimangokonza m'mbali."

Mlamu anavala magalasi, namatula kapepala komwe mlongo wake anamata pakhoma, n'kuyamba kuwerenga ngati akulangiza wodwala.

"‘Dulirani zomera zikafika pamwamba pa madzi. Zimatenga masabata awiri kapena atatu.’ Zinafika pamwamba?"

"Chimodzi chinafika. Ndinachidula. Ndiye chinzake chinayamba kuoneka chachitali. Nditadula chimenecho, zakumanzere zinapendekeka. Nanga munthu ungamusiye mutu uli wopendekeka?"

"Pepala silikunena za mutu."

"Aaa, pepala! Pepala linametapo ndani? Ine zaka makumi awiri ndikugwira sizasi, palibe anabwerako kushopu kudzadandaula!"

"Nsomba sizingabwere kushopu, alamu. Zilibe miyendo."

Nsombazo, zonse zisanu ndi imodzi, zinali zitaunjikana kuseri kwa kamwala kamodzi, poti kwina kobisala kunalibe. Wometa anayang'ana kumbali. Foni ya mlamu inalira, iye n'kuwerenga mokweza uthenga wochokera kwa mlongo wake.

"‘Ndatsika basi. Ndifika m'mphindi makumi awiri.’"

Apa wometa anakumbukira chenjezo lija. Mpando wakushopu ankaudziwa bwino: sugoneka, ndipo chitsulo chake chimabaya pamsana. Koma kuvomera kulakwa pamaso pa mlamu, ayi, bola kufa.

"Zimera izi," anatero, akupukuta thukuta. "Tsitsi limamera."

"Pepala lati masabata awiri. Uthenga wati mphindi makumi awiri."

"Tizikoke pang'ono."

"Zizuka."

"Iii, inunso! M'malo mothandiza!" Anazungulira thankiyo kawiri, kenako n'kuwomba m'manja. "Ndapeza! Zikuoneka zazifupi chifukwa madzi achuluka. Munthu wamfupi sumuveka jekete lalikulu. Tichotse madzi!"

Mlamu anatembenuza pepala, nayang'ana kumbuyo kwake.

"Za kuchotsa madzi sanaletse."

"Mwaonatu! Tengani ndowa kubafa!"

Ntchito inagundika. Wometa ankatunga ndi jagi, mlamu atagwira ndowa, akuwerenga jagi iliyonse mokweza ngati pali wina adzamufunsa. Madzi anatayikira pakapeti, manja a malaya ananyowa mpaka m'zigongono.

"Khumi ndi zinayi. Alamu, nsomba zayamba kutiyang'ana."

"Ziyang'ane. Mawa zidzandithokoza."

"Nsomba siziyankhula."

"Gwirani ndowayo!"

"Kamakina kopopa mpweya kayamba kukhosomola."

"Kazimitseni!"

"Pepala lati kasazimitsidwe."

"Ndiye kasiyeni kakhosomole!"

Pa jagi ya makumi atatu, madzi anatsala ongokwanira kuti nsomba zisakhule mimba pamchenga. Tizitsa tija tinatulutsa nsonga pamwamba, tonse mofanana, mzere wowongoka ngati wapakhosi pa mkwati. Wometa anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, chimwemwe chitamudzaza.

"Taonani! Zatalika kapena sizinatalike? Mayi akalowa apeza zomera zawo zafika mpaka pamwamba!"

Mlamu anawerama, nayang'anitsitsa mulingo wa madzi, n'kugwedeza mutu.

"Zoonadi. Zafika pamwamba pa madzi. Zonse."

"Eya! Mwavomera tsopano?"

"Ndavomera."

Panja geti linalira, ndipo mawilo a sutikesi anamveka akukhukhuluzika kubwera kukhomo. Mlamu anaika ndowa pansi, nawerenganso pepala lija ndi chala, kenako anatola sizasi patebulo n'kumupatsira wometa ndi manja awiri.

"Ndiye fulumirani, alamu. Pepala lati zikafika pamwamba, dulirani."

Wometa anayang'ana sizasi, anayang'ana tizitsa, anayang'ana chitseko chomwe chinali chitayamba kutseguka. Anabisa manja onse awiri kumbuyo, n'kukweza mawu kuti amveke mpaka pakhonde.

"Mwapenga kodi, alamu? Zomera za eni ake n'zodula chisawawa? Ikani pansi sizasiyo, zisiyeni zikule!"